Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndili ndekha m'nyumba, anzanga a m'chigwa mumapirira bwanji?
(Zokambirana za pagulu la pa foni la anthu a m'chigwa cha Shire, mu January 2021, nthawi ya mliri wa korona)

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Abale anga a m'chigwa, uthenga uwu ndaulemba n'kuufufuta katatu chiyambire dzulo, koma lero ndalimba mtima. Lachitatu lapitali anandipeza ndi korona. M'thupi sindikudandaula kwenikweni: kachifuwa, kuphwanya kwa mafupa, ndiye fungo sindikumva, ngakhale la utsi wa pambaula. Achipatala anandiuza kuti ndibindikire masiku 14. Mayi a kunyumba anapita kumudzi ndi ana pa Khirisimasi kukathandiza kupalira, ndiye ndawaletsa kubwera.

Chandifooketsa si matendawa ayi, koma zii amene wagwa pakhomo pano. Sukulu atseka, ngakhale phokoso la ana lija kulibe. Malata akayamba kuwotcha ndimatuluka kukakhala pansi pa nimu pamene tinkasewera bawo madzulo aliwonse. Bawo lili pompo, nkhomo zili m'chitini, osewera naye palibe. Anthu akamadutsa pamsewu amayang'ana kumbali, ena amachita kulambalala kudzera kuseri kwa bwalo la mpira.

Loweruka amalume anga anatisiya kwa Chapananga. Ndi amene anagulitsa ng'ombe kuti ine ndifike ku koleji. Mwambo wa kumanda ndinaumvera pa foni ya mchemwali wanga, mayunitsi n'kutha nyimbo ili pakati. Ndinakhala pakhonde mpaka mdima, popanda ndi mmodzi yemwe wondiuza kuti pepani. Nsima ndikuphika, koma nthongo ziwiri basi yakana. Tulo ndikupeza tambala woyamba atalira kale.

Amene munadutsamo, munkatani kuti mutu usasokonekere? Ndikufunsa moona mtima.

Make Chifundo, Nchalo:
Ayi pepani aphunzitsi, pepani kawiri konse, matenda ndi zovutazo. Mwachita bwino kulankhula. Ndiwo muli nazo? Madzi akukutungirani ndani?

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Zikomo amayi. Ufa ndi nyemba zilipo. Madzi mwana wa aneba amasiya chigubu pamsewu m'mawa, n'kuthawa osapereka ndi moni womwe. Sindikumuda, amuuza choncho kwawo.

Wakabaza pa Bangula:
Koma achimwene, inu mwadzitsekera bwanji? M'bindikiro uja khoti linakana kale chaka chatha. Komanso korona sangalimbe ndi dzuwa la kuno, dzira limapsa pamchenga. Tulukani mukaone anthu, matenda enawa amakula chifukwa choganiza.

Woyang'anira gulu:
Achimwene a kabaza, tisasakanize zinthu. Chimene khoti linaimitsa pa 17 April 2020, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC atakadandaula, chinali m'bindikiro wa dziko lonse wa masiku 21 umene umayenera kuyamba mawa lake. Nkhani inali yoti anthu osauka adya chiyani akatsekeredwa. Munthu amene wapezeka ndi kachilombo kudzipatula ndi nkhani ina. Ndiponso panopa malamulo alipo, a Chakwera analengeza pa 17 January 2021: 9 koloko usiku aliyense akhale ali kwawo mpaka 5 koloko m'mawa, misika itseke 5 koloko madzulo, malo omwera 8 koloko, kutchalitchi ndi kumzikiti asapitirire anthu 50, masukulu atseke masabata atatu. Aphunzitsi achita zoyenera. Funso lawo ndi la kusungulumwa, tiyeni tiyankhe limenelo.

Anesi a ku East Bank:
Ndilowepo ndisanapite ku naiti. Za dzuwazo, mchimwene wanga, tinkanena tonse chaka chatha, koma mwezi uno watitsutsa. Pa 12 January tsiku limodzi lokha tinataya nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, ndipo a Mia anali munthu wathu wa m'chigwa muno, wodziwa dzuwa la Chikwawa kuposa ife. Ku Manaus m'dziko la Brazil kumatentha chaka chonse, koma masabata awiri apitawa zipatala za kumeneko zinasowa mpweya wa okosijeni. Kachilomboka sikaopa kutentha.

Tsono aphunzitsi, mverani. Kudzipatula sikutanthauza kuti muzidzitsekera m'chipinda mazenera ali chitsekere. Kachilomboka kamayenda m'timalovu ndi mpweya umene timatulutsa polankhula, potsokomola ndi poimba, ndipo kamavuta kwambiri m'nyumba mopanda mphepo, anthu atathithikana. Panja, mutavala masiki, winayo ali patali mamita angapo, mukhoza kupatsana moni n'kucheza pang'ono. Anthu akukulambalalani chifukwa palibe anawafotokozera zimenezi. Mantha opanda chidziwitso ndi amene akuzunza odwala athu kuposa chifuwa.

Zina ziwiri. Ino ndi nyengo ya udzudzu, thupi likatentha musangoti ndi korona yemweyo, kayezetseni malungo, ziwirizi zimatha kubwera pamodzi. Ndipo mukaona kuti mukubanika ngakhale mutakhala pansi, kapena pachifuwa pakuthina, musadikire kuche. Imbani 54747, Chipatala cha pa Foni, kapena itanani azaumoyo a m'dera lanu. Kufukiza ndi masamba a bulugamu, ndimu ndi jinja, zimathandiza kukhosi ndi mphuno kumasuka, koma sizipha kachilombo, ndipo ndalandirapo anthu opsa ndi madzi otentha. Kudya idyani, ngakhale musakumva kukoma. Kusamva fungo kumadula chilakolako, si kusungulumwa kokha.

Wakabaza pa Bangula:
Ndamva anesi. Ine ndimangoona kuti munthu kukhala yekha si bwino. Pepani aphunzitsi ngati ndalankhula mopyola.

Mjoni wa kwa Tengani:
Achimwene aphunzitsi, ndawerenga uthenga wanu ndili pabedi kuno ku Johannesburg, misozi yachita kulengeza, chifukwa mwalemba moyo wanga wa chaka chatha.

Kuno m'bindikiro unayamba pa 27 March 2020 ndipo sunali wa masewera. Asilikali mumsewu, mowa ndi fodya oletsedwa, kutuluka kokha kukagula chakudya kapena mankhwala. Ndinkagwira ntchito ya m'munda wa maluwa kwa bwana wina, anangonditumizira uthenga kuti ndisabwere mpaka adzandiitane. Chipinda changa ndi chakuseri kwa nyumba ya eni, ndikatambasula manja ndimakhudza makoma onse awiri. Masabata asanu a level 5, m'bindikiro wokhwima kwambiri uja, ndinathera mmenemo. Munthu wobadwira kumene timagona panja pamkeka chifukwa cha kutentha, tikucheza ndi oyandikana nawo mpaka tulo, n'kupezeka ukuyang'ana khoma tsiku lonse.

Sabata yoyamba ndinkangogona. Yachiwiri ndinayamba kusiya kusamba, usana ndi usiku zinafanana. Ndinkakhalira kuwerenga pa foni chiwerengero cha omwalira ku Italy ndi ku America ngati kuti ndili ndi m'bale kumeneko. Anzanga ena anakwera mabasi obwerera kumudzi, aja anafikira pa Kamuzu Stadium mu May n'kuthawapo. Ine ndalama ya basi ndinalibe.

Chinandidzutsa ndi mayi anga. Anauza mlongo wanga kuti tsiku lililonse ng'ombe zikamalowa m'khola azindiimbira pa WhatsApp, foni aziika pamtondo. Sitinkalankhula zambiri ayi. Ndinkangomva mbuzi, ana akukanganirana nkhoko, mayi akukalipira nkhuku, wina akudutsa n'kufunsa kuti mwadokerwa. Mphindi khumi basi, chifukwa bandulo ndi yodula. Koma tsiku langa linapeza msana. Ndinayamba kudzuka, kusamba, kuyala bedi, kuchapa, kuti ikamakwana nthawi ija andipeze ndili munthu. Ndiye langizo langa ndi limenelo: musamaimbe pokhapokha mtima ukawawa. Panganani nthawi imodzi yosasintha, ndipo asamakufunseni za matenda zokhazokha, angokusiyani mumve pakhomo.

China, nkhani za korona muzimva kamodzi patsiku, pa wailesi, kenako tsekani. Za m'magulu zija zoti wakuti wamwalira, wakutinso ali pa okosijeni, usiku zimakula ngati mthunzi.

Panopanso zipata za pamtunda za m'malire a dziko lino atseka mpaka pa 15 February 2021, ndi cha Beitbridge chomwe, chimene timadutsira popita kumudzi. Chaka chachiwiri ndisanaone mwana wanga wamng'ono. Koma foni ya madzulo ija sinaphonyepo.

Make Chifundo, Nchalo:
Zoika foni pamtondozo zandikhudza. Ife timaganiza kuti poimbira wodwala tiyenera kukhala ndi mawu anzeru, ndiye timathera osaimba n'komwe.

Wa nsomba zouma, Bangula:
Ndisakunamizeni abale, ena a ife kusungulumwa timakumva ngati nkhani ya anthu a malipiro a pamwezi. Ine ndikapanda kuyala milamba ndi makakana pamsika, ana anayi agona ndi njala. N'chifukwa chake mavenda anachita zionetsero mu April muja, sikuti sankaopa kufa. Sindikunyoza aphunzitsi ayi, ululu wawo ndi weniweni. Koma ndinene changa. Ine ndimakhala pakati pa anthu tsiku lonse, komabe ndasungulumwa. Kasitomala amaponya ndalama patebulo osakugwira dzanja. Banki m'khonde yathu ya Lachinayi, kumene tinkaseka n'kuuzana za m'mabanja, pano aliyense amangotumiza masheya ake pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama zikuyenda, koma gulu lafa. Msika ukatsekedwa 5 koloko ndimafika pakhomo dzuwa likadalipo, n'kukhala osadziwa chochita ndi manja anga.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Amayi a nsomba, simunandilakwire. Zoona ine kumapeto kwa mwezi ndilandira, inu ayi. Ndikadakhala wa ganyu sindikudziwa kuti masiku 14 amenewa ndikadadya chiyani.

Make Tadala, Makhanga:
Ndakhala ndikungowerenga, koma mawu a amayi a nsomba andikumbutsa za ku kampu. Madzi a namondwe wa Idai atatithamangitsa mu March 2019, tinakhala m'kalasi imodzi mabanja osawerengeka. Chimodzimodzi mu January 2015. Tinalibe kalikonse, poto mmodzi mabanja atatu, udzudzu, ana kutsegula m'mimba, pogona kuchita kupanikizana ngati nsomba m'dengu. Koma ndikuuzeni zoona, sindinasungulumwepo tsiku ndi limodzi lomwe. Usiku wina akayamba kulira nyumba yake, wina amayambitsa nyimbo, tonse n'kulandira. Ife a m'chigwa mavuto timawadziwa. Ruo akasefukira, Shire akabwerera m'mbuyo, timadziwa kothawira: kumtunda, kwa anthu. Mliri uwu ndi woyamba kutiuza kuti pothawira pako ndi kutali ndi mnzako. N'chifukwa chake watisokoneza chonchi. Nzeru zonse zimene makolo anatisiyira za nthawi ya tsoka zimayamba ndi kusonkhana.

Mu August mlamu wanga anabwera kuchokera ku Joni, anamuuza kuti akhale payekha masabata awiri. Anthu anayamba kutcha pakhomo pathu kuti pa korona, kumjigo amayi ankachotsa zidebe zawo ine ndikafika. Chimene tinachita ndi ichi. Tinamupatsa kanyumba ka kuseri, mbale yake, kapu yake, chidebe chake. Koma nthawi ya nsima iye ankakhala pakhomo pa kanyumbako, ife pansi pa mtengo wa masau, kutali koti mawu amafika bwinobwino. Tinkadya nthawi imodzi. Apongozi anga anakana zoti mwana wawo azidya ngati wakuba. Masana tinamupatsa ukonde wong'ambika kuti azisoka, ndi mapira kuti azipuntha. Iye mwini amati chimene chinamusunga ndi ukondewo, chifukwa ankadziwa kuti pali anthu akuudikira.

Ndiye aphunzitsi, pezani ntchito imene wina akuidikira kwa inu. Osati yongotayitsa nthawi.

Anesi a ku East Bank:
Make Tadala mwachita bwino kwambiri, mbale yakeyake, panja, patali. Ndikadakonda mabanja onse akanamva zimenezi m'malo mothawa wodwala.

Mkulu wa mpingo, Nsanje Boma:
Mwana wanga mphunzitsi, ine ndibwerere pa nkhani ya amalume ako, chifukwa ndikuona kuti bala lenileni lili pamenepo. Ena akupatsa nzeru za tsiku ndi tsiku ndipo ndi zabwino, koma iwe ukulira maliro amene sunawalire.

Kwathu kuno maliro n'kulirana. Munthu sagona pa siwa chifukwa choti womwalirayo akumuona ayi. Timagona pamenepo kuti chisoni chigawike, aliyense asenzeko kachidutswa. Amayi m'nyumba, abambo panja pamoto, makwaya kusinthana mpaka mbandakucha, adzukulu kulawirira kumanda, a nyakwawa kulankhula, chipepeso kuwerengedwa dzina ndi dzina. Pofika pobalalika, namfedwa amakhala atagwiridwa dzanja ndi mudzi wonse. Iwe zonsezi zakudutsa, katundu yense wakutsalira pamutu wekha. Usadabwe kuti nsima ikukana.

Mwezi uno ndaika m'manda anthu atatu mwa changu, popanda kugona, popanda nsima, anthu owerengeka. Mmodzi anali mnzanga wa ubwana amene tinkawedza limodzi ku Ndindi. Ndinabwerako ngati sindinapiteko. Ndiye ndinachita chonchi: ndinatenga kope, n'kulemba zonse zimene ndikadanena pamanda pake akadandipatsa nthawi. Kenako ndinaimbira mkazi wake n'kumuwerengera. Tinalira tonse pa foni, ndipo usiku umenewo ndinagona.

Iwe ndiwe mphunzitsi, cholembera uli nacho. Lemba mbiri ya amalume ako, ng'ombe ija anagulitsa, mawu amene ankakonda kunena. Uwawerengere mayi ako ndi azakhali. Ukachira, mliri ukaphwa, mudzapite kumanda monga banja mukamalize mwambo. Kuchedwa kulira si kusalira.

Ndipo ndikupempha gulu lino: amene tikumudziwa mphunzitsiyu, timuimbire timupepese monga tikadachitira pa siwa. Tisangolemba RIP apa n'kudutsa.

Woyang'anira gulu:
Abambo anena zoona. Manambala tisaike pagulu, amene akufuna kuimba andilembere kumbali, ndifunsa kaye eni ake.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Abambo, ndawerenga mawu anu kawiri ndipo ndalira koyamba chimwalirire amalume. Loweruka lija misozi inakana. Kope ndatenga. Ndayamba ndi tsiku limene anandikweza pa njinga kupita nane kukakwera basi ya ku Blantyre, sutikesi atamanga ndi luzi.

Mtsikana wa Fomu 3, Chikwawa:
Sala, pepani ndi zovuta. Ine ndine mwana pagulu pano koma ndinene nawo. Chaka chatha anatseka sukulu pa 23 March, ife tinabwerera mu October. Miyezi yonseyo ndinali pakhomo ndi agogo okha, mayi ali ku ntchito ku Nchalo. Anthu akuluakulu amaganiza kuti ana sasungulumwa chifukwa timatunga madzi ndi kuphika. Koma anzanga awiri a m'kalasi sanabwerere, wina ali ndi mwana, wina anakwatiwa ku Mozambique. Mmodziyo anandiuza kuti sikuti ankamufuna mwamunayo, kungoti ndi yekhayo amene ankamufunsa kuti waswera bwanji. Pano atsekanso, akuti masabata atatu, koma chaka chathanso sitinkadziwa kuti ifika miyezi. Ndili ndi mantha. Masamu ndi amene amandivuta, ndipo pakhomo palibe wondithandiza.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Mwana wanga, masamu ndi phunziro langa. Woyang'anira gulu, kodi n'zotheka kutsegula kagulu kapadera, makolo akhalemo, ana a Fomu 3 ndi 4 azitumiza mafunso, ine ndiziyankha pa pepala n'kujambula? Nthawi ndili nayo yambiri.

Woyang'anira gulu:
Zatheka kale. Kholo lililonse lindilembere, mwana salowa popanda kholo lake.

Wakabaza pa Bangula:
Pali chinthu china chimene anthu sakunena. Malo omwera akatseka 8 koloko anyamata sakusiya kumwa, akugula kachasu m'botolo n'kukamwera kunyumba okha. Pagulu mnzako amakuletsa kuti wakwana, pawekha akuletsa ndani? Mnzanga wina wa pa siteji yathu njinga anamulanda a ngongole makasitomala atachepa, anangodzitsekera, masiku atatu osatuluka. Tinachita kukagogoda. Analankhula mawu oopsa, oti palibe chimene akukhalira. Pano timasinthana kumubwereka njinga masana, madzulo mmodzi amakakhala naye panja.

Anesi a ku East Bank:
Mwapulumutsa moyo pamenepo achimwene. Munthu akanena mawu otero musamati akungolankhula. Mufunseni mosapsatira ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizo amenewo, kumamupatsa mpata wotula. Musamusiye yekha, chotsani zingwe ndi mankhwala a thonje amene ali m'nyumba, ndipo mupite naye kuchipatala cha boma, kuli anthu ophunzira za matenda a maganizo. Amuna a kuno timawaphunzitsa kuti mwamuna salira, kenako timadabwa.

Mdzukulu wa agogo, kwa Mlolo:
Ndawawerengera agogo anga aakazi zokambirana zonsezi, ndiye akuti ndilembe mawu awo. Iwo ali ndi shuga ndi BP, ndiye chiyambire mwezi uno tawaletsa kutchalitchi, kumaliro ndi kudimba. Maso anafooka, wailesi ndi imene imawasunga, amatsegula Gaka kuyambira m'mawa mpaka mabatire atha. Akuti:

"Muuzeni mphunzitsiyo kuti iye akuwerenga masiku, 14 akatha atuluka. Ine palibe wandiuza tsiku langa lotuluka. Anzanga amene tinkavina nawo utse atsala atatu, ndipo wina ndamva pa uthenga wa maliro pa wailesi. Adzukulu amandipatsa phala n'kuthamangira ku mafoni awo. Sindikusowa chakudya, ndikusowa wondifunsa zakale. Ngati mphunzitsiyo ali ndi nthawi, andiimbire, ndimuuze mmene tinkakwerera sitima pa Chiromo mlatho usanaduke, ndi mmene thonje tinkagulitsira pa msika wa boma. Iyeyo alembe m'kope mwakemo."

Ndalemba mmene anenera. Kunena zoona mawu a mafoniwo akunena ine, ndipo andilasa.

Make Tadala, Makhanga:
Mwamva aphunzitsi? Ntchito ija yakupezani yokha, kawiri.

Mjoni wa kwa Tengani:
Agogo anena chinthu chachikulu. Ife timadandaula masabata, okalamba ndi olumala ena akhala m'bindikiro zaka, mliri usanabwere n'komwe, ndipo sitinkaona. Mayunitsi a mlungu woyamba oimbira agogowo ndilipira ine, woyang'anira gulu ndiuzeni kotumiza.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Abale, ndabweranso, lero ndi tsiku la 10. Ndinene mmene zayendera, zabwino ndi zovuta zomwe.

Anthu asanu ndi awiri a pagulu pano anandiimbira kundipepesa, ena sindinawaonepo nkhope. Abambo a ku Nsanje Boma anapemphera nane, kenako anangokhala chete pa foni kanthawi, monga timakhalira pa siwa. Mbiri ya amalume yafika masamba 11. Ndinawawerengera mayi anga Lachinayi, anandikonza malo awiri, akuti ng'ombe zinali ziwiri osati imodzi, inayo anagulitsa mobisa kuti azakhali asadziwe. Zaka zonsezi sindinkadziwa.

Mayi a kunyumba amaimba 6 koloko madzulo, foni amaika pawindo la khitchini. Dzulo ndinamva mwana wanga wamkazi akuphunzitsa mng'ono wake kuwerenga mpaka 20, osadziwa kuti ndikumva. Kagulu ka masamu kali ndi ana 9. Magetsi akazima foni imatha moto, ndiye mayankho ena amachedwa, andikhululukire.

Mawu a anesi aja ndinawatumizira aneba anga. Mawa lake bambo wa pakhomopo anabwera ndi mpando wake, anakhala kutsidya kwa mpanda, ine pakhonde, tonse masiki kukamwa. Tinasewera bawo, bolodi lili kwa iye, ine ndikungotchula dzenje loti atape, iye n'kumandiyendetsera nkhomo. Mwana uja pano akasiya chigubu amaima pamsewu n'kufuula kuti mwadzuka bwanji sala.

Usiku ukadali wovuta, ndisaname. Ikamakwana 2 koloko, kunja kuli achule okhaokha, maganizo amabwera: bwanji ndikabanika pano, adzandipeza liti? Ndimayatsa tochi n'kukonzeratu masamu a mawa mpaka tulo tibwere. Masiku ena zimathandiza, ena ayi. Fungo layamba kubwerera pang'ono, m'mawa uno ndamva mvula itagwa pa fumbi.

Anesi a ku East Bank:
Za usikuzo, panganani ndi aneba anuwo kuti foni yawo isamazime, ndipo mukabipa kawiri adziwe kuti ndi zadzidzidzi. Mukadziwa kuti pali wodzuka, mtima umakhala pansi. Masiku otsalawo malizani onse, musafupikitse chifukwa mwayamba kupeza bwino.

Wa nsomba zouma, Bangula:
Ife a banki m'khonde tagwirizana kuti Lachinayi tikumane panja pansi pa mlambe, aliyense ndi mpando wake, motalikirana, masiki kukamwa. Tilipo 14 basi. Aphunzitsi, ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Ngabu kaphukusi ka milamba, akasiya kwa aneba anuwo. Musatumize ndalama.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Takhuta amayi. Mulungu abwezere pamene mwachotsa.

Mdzukulu wa agogo, kwa Mlolo:
Aphunzitsi, agogo akuti lero muimbe 4 koloko osati 5, chifukwa kukubwera mvula ndipo sola sinatchaje bwino. Akuti dzulo munalekezera pa chaka chimene madzi anafika pa sitolo ya mmwenye, ndipo akumbukira dzina la woyendetsa bwato uja. Asamba kale, avala chitenje chawo cha Mvano, akhala pakhonde foni ili m'manja.